Tsache la Apongozi ndi Fumbi la Mumsewu

Apongozi anga, amayi a amuna anga, anafika ku Indianapolis nyengo yozizira ikupita kumapeto, chipale chofewa chikusungunuka. Anabwera kudzatithandiza kulera, popeza ndinali nditangobereka mwana wachiwiri woyambayo asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo masiku anga opuma kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino anali atatsala pang'ono kutha. Kwathu anali mphunzitsi wa pulayimale. Anapuma ntchito ali ahedi, ndipo uhediwo anakwera nawo ndege.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi kanyumba kakale kamatabwa pafupi ndi bwalo la mpikisano wa galimoto lotchedwa Speedway, m'mbali mwa msewu waukulu womwe galimoto sizilekeza kudutsa. Chipale chikachoka, m'mphepete mwa msewu wotere mumatsala litsiro lakuda, mchenga wosakanikirana ndi mchere womwe amathira kuti galimoto zisamaterereke. Likauma limauluka n'kudzakhala pamasitepe, pakhonde ndi pamawindo. Ife tinali titazolowera. Apongozi anaima pakhonde m'mawa wa tsiku lawo lachiwiri, atavala majuzi awiri ndi jekete la mwana wawo pamwamba, n'kuyang'ana uku ndi uku kwa kanthawi.

"Amake mwana, kodi pakhomo pano pamakhala anthu?"

"Pamabwera galimoto ya boma yosesa, Amayi," ndinatero.

"Ndiye nonse awiri, ophunzira, mukudikira boma kuti lidzakusesereni pakhomo?"

Ndinawapatsa tsache lathu lapulasitiki lampini wautali. Analitembenuza kawiri n'kundibwezera mwaulemu. Loweruka mwana wawo atapita nawo kusitolo, anapeza tsache laudzu, ndipo atafika kunyumba anaitanitsa sowo n'kudula mpiniwo mpaka kutsala kachidutswa kogwira ndi dzanja limodzi. Amati kusesa utaimirira njo ndi ulesi, fumbi limafuna kuliweramira.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamanyamuka kupita kuntchito ndinkawasiya ali chiweramire, dzanja lina kumsana, chitenje chili pamwamba pa thalauza la amuna anga. Ankayamba pakhonde, kutsika masitepe, kanjira ka simenti kokafika pampanda, kenako kutuluka n'kusesa njira ya oyenda pansi mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Akaona kuti mphamvu zilipo ankapitirira mpaka kutsogolo kwa nyumba ya mnansi wathu, mzungu wachikulire wokhala yekha, yemwe poyamba anatuluka ndi nkhope ya mantha poganiza kuti walakwira lamulo lina lake. Atamva kuti n'zaulere, anayamba kuwayembekezera pawindo n'kumawabayibitsa.

Mwana wathu wamkazi, wamkuluyo, sankawasiya agogo ake. Iwo akamasesa kunja kwa mpanda, iye ankakhala pasitepe yomaliza ndi kamtengo kake, kukanda pansi, kuunjika timilu ta mchenga, kenako chala chachikulu m'kamwa, chifukwa anali woyamwa chala. Ine ndinkaona zonsezi n'kumakondwa. Pakhomo pathu panali pooneka bwino kuposa pena paliponse mumsewu wonsewo, ndipo mwana ankagona msanga masana.

Kunja kutayamba kufunda, apongozi anaona kuti kachigawo ka dothi ka pakati pa mpanda ndi khonde, komwe kankaombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, kakungokhala. Mayi wina wa kumpingo kwathu, wokhala ku Lawrence, anawapatsa mbewu za mpiru, bonongwe ndi maungu. Khasu analipeza kwa mnansi uja. Pasanathe milungu ingapo tinali ndi dimba loyang'ana msewu, ndipo anthu oyenda ndi agalu awo ankaima n'kumafunsa dzina la maluwawo.

Tsopano ndinene za mlamu wanga, mwana womaliza wa apongozi. Iyeyu ankaphunzira ku yunivesite ku South Bend, ndipo anali pafupi kumaliza maphunziro a udokotala, koma osati wa odwala. Ankafufuza fumbi la m'misewu ya m'tauni. Nkhani imeneyi inali yosekedwa m'banja lonse. Amuna anga ankamutcha dokotala wa fumbi. Apongozi ankauza anthu kumpingo kuti mwana wawo wamkazi akuphunzira udokotala, ndipo wina akafunsa kuti wa matenda anji, ankangoti, "Ndi zatsopano, zovuta kufotokoza," n'kusintha nkhani.

Mlamu anabwera kudzacheza m'mwezi wa Meyi, sabata yomwe kudera kwathu kumadzaza anthu obwera kudzaonera mpikisano wa galimoto. Msewu unali wodzaza, galimoto zikuyenda pang'onopang'ono, zina zitaimikidwa pakapinga pa anthu. Loweruka m'mawa anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kupeza amayi ake ali pantchito, fumbi lili kobo, mwana ali pasitepe pake ndi chala m'kamwa. Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa wamng'ono.

Anaika kapu pansi, n'kunyamula mwanayo kukamusambitsa m'manja. Atabwerako anati, "Amayi, tasiyani kaye kusesako."

Apongozi sanaweramuke. "Ndatsala pang'ono."

"Ayi, ndikutanthauza kuti musamasese chonchi. Fumbi ili si labwino. Muli zitsulo."

"Zitsulo," anatero apongozi, akuyang'ana mulu wa mchenga womwe anaunjika. "Misomali ndiye ndatolamo iwiri dzulo. Ndaisunga."

Mlamu anayesa kufotokoza, theka m'Chichewa theka m'Chingerezi, monga timayankhulira kuno. Anati galimoto iliyonse ikamanga mabuleki imasiya timaufa ta mkuwa, matayala akamaperepeseka amasiya chitsulo cha zinki, ndipo choopsa kwambiri ndi mtovu, chitsulo cholemera chija chopezeka m'mabatire a galimoto. Kale, anatero, mtovu ankauthira mupetulo ndi mupenti, ndipo ngakhale anasiya, sunapite kulikonse. Unatsalira m'dothi la m'mbali mwa misewu ndi kuzungulira nyumba zakale. Ukasesa pouma, umangoudzutsa.

"Iwe, ndinayamba kusesa usanabadwe," anayankha apongozi. "Ndasesa pakhomo pa amayi anga, pa apongozi anga, ndi panga. Taona, ndili moyo. Wakula ndi fumbi iweyo, lero ukufuna udokotala."

Mlamu anapita kugalimoto yake n'kubwera ndi kabulashi konga kopakira penti, kachowolera zinyalala kapulasitiki, magolovesi ndi timatumba totseka pakamwa. Anagwada m'mphepete mwa msewu n'kuyamba kukokera fumbi m'kathumba, pang'onopang'ono ngati akutola mchere wotayika. Apongozi apa ndiye anaweramuka, n'kutsamira mpanda kuti aonerere bwino.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyi?"

"Ndikutenga masampulo, Amayi. Ndikakatesita ku labu ndidzakuuzani."

"Sukulu yonse ija, ndege n'kukwera, kuti uzidzasesa msewu wa azungu ndi bulashi ya mano. Komanso sukusesa bwino. Wasiya pakonapo."

Amuna anga anaseka mpaka kukhala pansi. Inenso ndinaseka, ndisaname. Mlamu sanakwiye. Anatenga fumbi la pamsewu, la pamasitepe, dothi la m'dimba, ndi la pansi pa windo la pakhonde pomwe penti yakale inkasupuka. Analemba pathumba lililonse. Ponyamuka Lamulungu anandikokera pambali n'kundifunsa ngati mwana anayezedwapo magazi a mtovu. Ndinamuuza kuti tsiku lake la sikelo la zaka ziwiri layandikira, ndipo kumeneko amayeza. Ndinamuyankha ngati namwino woyankha m'bale wa wodwala wovutitsa. Zinthu zimenezi ndinaziphunzira kusukulu ya unamwino, koma m'mutu mwanga zinali za ana a anthu ena, osati wanga, wonenepa, wosewera bwino.

Kuchipatala cha ana anamubaya kachala, ndipo patapita masiku angapo anandiimbira foni kuti tibwerenso, akatenge magazi a pamtsempha kuti atsimikize. Zotsatira zitabwera, adokotala anandikhazika pansi. Anati mtovu ulimo m'magazi a mwanayo, wopitirira pomwe iwo amayambira kuda nkhawa, ngakhale sunafike poti n'kumugoneka kapena kumupatsa mankhwala. Mwana wotere saoneka wodwala, anatero, koma mtovu umasokoneza kakulidwe ka ubongo mwakachetechete, ndipo chofunika n'kupeza komwe ukuchokera n'kutsekako. Ndinangogwedeza mutu. Mawu onsewo ndinkawadziwa, ndinali nditawauzapo makolo ena.

Sabata yomweyo mlamu anaimba foni. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti mtovu waupeza m'matumba onse, wa pamsewu ndi wa m'dimba, koma wochuluka kwambiri unali m'dothi la pansi pa windo lija, chifukwa cha penti.

Tinawauza apongozi titakhala patebulo masana a Loweruka. Amuna anga ndi amene anayankhula, mosamala kwambiri, moti anazungulira nthawi yaitali asanafike pa nkhani. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye kuti mutu wa mwanayu wawonongeka?"

Ndinawauza kuti ayi, tazigwira msanga, ndipo adokotala azimuyezabe. Anadzuka n'kupita kuchipinda kwawo.

Masiku atatu otsatira pakhomo panali zii. Ankaphika, ankasambitsa ana, koma tsache linangotsamira pakona ya khonde. Mnansi wathu anagogoda kudzafunsa ngati akudwala. Tsiku lachinayi nditabwera kuntchito ndinawapeza akupinda zovala zawo n'kumaika m'sutikesi, ngakhale kuti ulendo wawo unali ukadali kutali.

"Amake mwana, mundikhululukire," anatero osandiyang'ana. "Ndinabwera kudzalera. Ndadzamudyetsa poizoni mdzukulu wanga ndi manja angawa."

Ndinakhala pabedi pafupi nawo. Sindinali nditakhalapo pabedi lawo chibwerere, koma tsiku limenelo ndinakhala. Ndinawakumbutsa kuti m'nyumbamo tinalowamo iwo asanabwere, kuti mwanayo anakwawira pakhonde lomwelo ndi kugwira mawindo omwewo iwo ali kumudzi. Ndinawauza kuti ngati pali wofunika kuchita manyazi ndi ine, amene ndili ndi pepala la unamwino ndipo ndinkaseka nawo.

"Inu munkaseka mwaulemu," anatero. "Ine ndinanyoza mwana wanga pamsewu."

"Ndiye tiyeni tikamuone kuntchito kwake."

Tinapita ku South Bend Loweruka lotsatira, ulendo wa maola angapo kulowera kumpoto, minda ya chimanga mbali zonse. Minda ija inawamasula apongozi pakamwa. Ankafuna kudziwa kuti chimanga chonsecho akupalira ndani, popeza sanaone munthu ngakhale mmodzi m'munda.

Mlamu anatilandira atavala gawuni loyera. Amayi ake anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti gawunilo lachita ntchito yomwe mawu analephera. Anatilowetsa m'chipinda chodzaza mashelefu a timabotolo ta fumbi, lililonse ndi dzina la msewu wake. Kenako anatulutsa kamakina kokhala ngati kowumitsira tsitsi, n'kukaloza pathumba la dothi la m'dimba lathu. Patapita kanthawi pagalasi lake panatuluka mayina a zitsulo, mtovu uli pomwepo. Apongozi anavala magalasi awo n'kuwerenga mokweza, dzina ndi dzina, ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Kamaona chilichonse kameneka?"

"Zitsulo zokha, Amayi."

Anavula chibangili n'kuchiika patebulo. Kenako ndolo. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa supuni yomwe amayenda nayo. Mlamu anayeza zonse moleza mtima, ndipo apongozi anamusiya pokhapo atakana kuloza makinawo pa dzino lawo lomatidwa.

Tili mkati modya chamasana m'kachipinda ka mlamu, apongozi anafunsa ngati fumbi la kwathu nalonso lili choncho. Mlamu anati misewu ya m'matauni athu nayo ili ndi zake: galimoto zakale, mabatire otayidwa paliponse, magalaja a m'mbali mwa msewu, ndiponso kwathu dothi limakhala poyera nthawi yaitali pachaka. Apongozi anasiya kudya.

"Sukulu yanga inali pamsewu waukulu," anatero. "M'mawa uliwonse ndinkaimika ana pamzere ndi matsache. Wochedwa ndinkamupatsa chigawo cha kumsewu."

Kenako mlamu anagwira dzanja la amayi ake n'kunena kuti iyenso anali m'gulu la ochedwawo kangapo konse, ndipo n'kutheka kuti udokotala wa fumbi unayambira pomwepo. Apongozi anaseka koyamba sabata imeneyo, n'kumuuza kuti ankachedwa chifukwa cha tulo, asanamizire sayansi.

Titabwerera ku Indianapolis, munthu amene anatsika m'galimoto anali ahedi. Lamulo loyamba linali la nsapato. Anaika mkeka wapulasitiki pakhomo, ndipo aliyense, kaya ndi mwana wawo wochokera kuntchito atatopa, kaya ndi mkulu wa mpingo wobwera kudzapemphera, ankavula pomwepo. Mkulu wa mpingoyo anali ndi sokosi yobooka pachala, ndipo pemphero lonse analichita phazi lina litaponda linzake. Anthu a zaumoyo atabwera kudzayendera nyumbayo, nawonso anavula, ndipo mmodzi wa iwo anati akanakonda makolo onse akanakhala otero. Apongozi anandiuza kuti ndiwamasulire mawuwo, ngakhale Chingerezi amachimva kuposa ine, kuti angowamvanso kachiwiri.

M'nyumba munasiya kusesedwa, munayamba kukolopedwa. Mawindo ankawapukuta ndi kansalu konyowa. Mwana ankasambitsidwa m'manja asanadye, atadya, akachokera panja, ndi nthawi zina popanda chifukwa, mpaka anayamba kubisa manja kumbuyo akaona agogo ake. Eni nyumba anatumiza anthu odziwa ntchito ya penti yakale kudzakonza khonde ndi mawindo, ndipo masiku amenewo tinakakhala kwa anzathu ku Beech Grove. Kunja apongozi sanasiye kusesa, zimenezo n'zosatheka, koma ankayamba awaza madzi ndi kabeseni, mwana ali m'nyumba, ndipo kumsewu anakusiyira boma.

"Kwathu timawaza madzi tisanasese," anandiuza tsiku lina, nkhope ili bwinobwino. "Ndi mwambo wakalekale. Ndinangousiya kuno chifukwa madzi ake ndi ozizira."

Chomwe chinawapweteka kwambiri chinali dimba. Mpiru unali utafika pothyola, maungu atayamba kuyanga. Anazula okha, osafuna kuthandizidwa, ndipo pamalopo tinathirapo tizidutswa ta mitengo kuti dothi lisaonekere. Amuna anga anakhoma mabokosi awiri amatabwa kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu, n'kupita nawo kusitolo kukagula dothi la m'matumba. Atabwerako apongozi anakhala pampando.

"Ndaona zambiri m'dziko muno," anatero. "Koma musadzauze munthu kumudzi kuti ndinakwera galimoto kukagula dothi."

Mpiru wa m'mabokosiwo unakula bwino, ndipo iwo ankati ndi chifukwa cha dzanja, osati dothi.

Mwana ankayezedwa magazi pakapita miyezi ingapo, ndipo ulendo uliwonse mtovu unkatsika. Adokotala anatiuza kuti tizimupatsa zakudya zowonjezera magazi ndi zolimbitsa mafupa, monga nyemba, mazira, mkaka ndi masamba, ndipo apongozi anamva ngati apatsidwa chilolezo cholembedwa. Mwanayo anadya nyemba chaka chimenecho kuposa munthu aliyense mumzinda wa Indianapolis. Lero ali kusukulu, amawerenga bwino, ndipo ndikamuyankhula m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chambiri kuposa chomwe ndafunsa. Komabe sindinama, pali masiku omwe akaiwala kanthu kakang'ono mtima wanga umabwerera pasitepe paja.

Asananyamuke kubwerera kwawo, pamsonkhano wa amayi ku Lawrence, apongozi anapempha mphindi zisanu n'kuyankhula theka la ola. Anafotokoza za mabuleki, za matayala, za penti yakale, n'kufunsa mayi aliyense kuti nyumba yake inamangidwa liti ndipo ana ake anayezedwa kapena ayi. Mayi wina atafunsa komwe anaphunzira zonsezi, anayankha kuti mwana wawo wamkazi ndi dokotala wa zimenezi, ndipo nthawi zina amagwira naye ntchito limodzi.

Atafika kwawo sanakhale mwezi asanaimbe foni. Anali atapita kukaona ahedi atsopano a sukulu yawo yakale, komanso amayi ogulitsa mandasi ndi tomato m'mbali mwa msewu, ndipo anthuwo ankafuna pepala, chifukwa mawu apakamwa a munthu wobwera kumene kuchokera kunja anthu amawatenga ngati matama. Analamula mlamu kuti alembe tsamba limodzi m'Chichewa chomveka. Mlamu, yemwe amalemba masamba mazana m'Chingerezi osatuluka thukuta, analimbana nalo tsambalo milungu iwiri. Anatumiza kwa ine kuti ndikonze, ine ndinakonza zomwe ndinatha, kenako tinatumiza kumudzi pafoni.

Linabwerako tsiku lotsatira, litasindikizidwa, litajambulidwa patebulo lawo, lili ndi zolemba zofiira mzere uliwonse. Pomwe mlamu analemba kuti tinthu ting'onoting'ono ta zitsulo, iwo anadula n'kulemba kuti ufa wa zitsulo. Pomwe ine ndinaika mawu aatali onena za kakulidwe ka ubongo, anadula n'kulemba kuti mwana amavutika kugwira za m'kalasi. Pansi penipeni analemba kuti nkhani ndi yabwino, koma tilembenso, ndipo tonse awiri tiziwerenga Chichewa pafupipafupi. Tinalembanso katatu asanalole kuti lipite kwa ahedi.